Emelina Adula Nsalu ya Mashabe

Sizasi inali itafika kale pakati pa nsalu pamene Barbara anatula dishi la nsomba za pende pansi ndi kukuwa.

"Iwe Emelina, leka! Udziwa chimene udula?"

Emelina sanaleke. Anatsata mzere wa choko mpaka kumapeto, natenga kachidutswa ka makona atatu, nakaika pa mulu wa tinzake. Khonde limenelo, kuseri kwa msika wa pa Boma ku Luangwa, ndilo linali shopu yake. Apo ndi pamene anali kusokera mayunifomu a ana a sukulu ndi kuphatika zigamba pa mabuluku a asodzi.

"Ndidula nsalu, asisi. Kapena kwanu sizasi mumapalira mamba a nsomba?"

"Seka, mano ndi ako. Koma yang'ana bwino."

Panalibe chifukwa choyang'anira. Nsaluyo inali yofiira psuu, ya timano takuda ndi toyera tondondozana m'mizere. Aliyense wokulira m'mbali mwa Zambezi aidziwa. Ndi imene amaponya pa mapewa a munthu wa mashabe ng'oma zikayamba kulira, mzimu ukamugwira. Malemu amai ake a Emelina anali nayo yawo pansi pa sutikesi, ndipo mwana woikhudza anali kulandira mbama. Nsalu yotere siichapidwa pamodzi ndi zovala zina, siiberekedwa mwana, ndipo koposa zonse siidulidwa.

Emelina sanaisankhe yekha. Bungwe lina la azimai osoka ku Lusaka linali litalengeza mpikisano. Aliyense wolembetsa anatumiziridwa mamita awiri a nsalu imodzimodziyo, ndipo lamulo linali lakuti aidule, aiphatikize ndi nsalu zina, asoke bulangeti la zigamba limene iwo anali kulitcha kwiliti. Zigamba zija za kale, za mabokosi ofanana, sanazifune ayi. Anafuna maonekedwe atsopano, oti munthu aime ndi kuyang'ana. Wopambana anayenera kulandira mashini atsopano osokera.

Mashini amene Emelina anali kupondapo sanali ake. Anali a kalabu ya azimai a ku tchalitchi, ozungulira chaka ndi chaka, ndipo chaka chake chinali kutha kumapeto kwa Okutobala. Kunatsala masabata anayi. Pambuyo pake tela wa pakhonde akanatsala ndi singano ya m'manja chabe.

"Aja a ku Lusaka anangoona kuti ndi yokongola," anatero Emelina. "Azimai mahandiredi awiri aidula m'dziko muno. Wamva maliro angati?"

"Mahandiredi awiriwo amuna awo sakwera bwato," anayankha Barbara, akusenzanso dishi lake. "Usatukwane ng'ona usanaoloke, mwana wa amai."

Barbara anali mkazi wa Tenson, ndipo Tenson ndi amene anali kupha nsomba bwato limodzi ndi Luciano, mwamuna wa Emelina, kwa zaka khumi ndi chimodzi. Nkhani sinagone panjira.

Patapita masiku awiri Luciano anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, nkhafi pa phewa, m'manja mulibe kanthu. Anapeza mkazi wake atayala zidutswa pa mphasa pansi pa mtengo wa masau. Chithunzi chinali chitayamba kuoneka. Mbali imodzi anayala nsalu yodera ngati madzi a Luangwa, mbali ina yobiriwira ngati a Zambezi, ndipo pokumana ziwirizo anasiya mzere wokhotakhota. Timakona tofiira tija tinali kukwera kuchokera pakona imodzi, tothithikana pansi, tomwazikana pamwamba, monga ziulukira mbalame zofiira zija zokumba zisa m'magombe nyengo ya dzuwa.

Luciano anaima nthawi yaitali akuyang'ana.

"Ndi chokongola," anatero. "Ndiye ichi ndi chimene chandilanda Tenson?"

"Achita chiyani a Tenson?"

"Ati sangaponde m'bwato mwanga chinthu ichi chikali m'nyumba muno. Wakwera la mlamu wake. Ndafunsa amuna ena atatu pa doko. Onse atatu malungo awagwira nthawi imodzi, ndili chiimire."

Emelina anaika singano pansi. Anadziwa tanthauzo lake. Bwato la ukonde lifuna anthu awiri. Wa kutsogolo maso ake ali pa ukonde. Wa kumbuyo agwira nkhafi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyang'ana timakutu ta mvuu pamwamba pa madzi. Mwezi wa Okutobala madzi achepa, mvuu zithithikana m'maiwe omwewo mmene mubisala nsomba.

"Atate a Memory, ndileke?"

Memory anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wa giredi teni, wogonera ku sukulu.

"Ukaleka, mwezi wa mawa udzasoka ndi mano?" Luciano anaseka, natsamiritsa nkhafi pa mtengo. "Madzi awa ndinayamba kuwapalasa ndisanamere ndevu. Soka, amake Memory. Tenson akamva njala ya nthabwala zanga adzabwera yekha."

Loweruka kunafika amai Sara, amai ake a Luciano, kuchokera kumudzi kwawo ku Kavalamanja. Mpando anaukana. Madzi akumwa anawayang'ana chabe. Anakhala pansi pabwalo, natambasula miyendo yawo yotuwa ndi fumbi.

"Amake Memory, nditulutsireni chimene ndamva."

Emelina anatulutsa, nayala pa mphasa, nagwada chapatali monga achitira mpongozi. Amai Sara sanakhudze. Anayendetsa maso kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuwerenga timakona tofiira tija ngati munthu woona mbuzi zake zitaphedwa ndi fisi.

"Amai anu ndinavina nawo bwalo limodzi," anatero. "Anakuphunzitsani kuti iyi ndi nsalu ya sizasi?"

"Iyai, amai."

"Ndiye simunalakwe mosadziwa. Koma sindinabwere kudzakangana, miyendo yanga ndi yakale. Phwasulani, muchotse tofiira tonse, kasatsale ngakhale kaulusi. Tikatule pansi pa mlambe ndi ufa ndi mkanda woyera, tipepese eni ake. Zobiriwirazo sokani mmene mufunira, mufundemo mpaka mudzakalambe."

"Amai, popanda tofiira sadzalilandira ku mpikisano. Ndilo lamulo lawo. Ndipatseniko masabata awiri chabe. Likakwera basi, nyumba yayera. Zotsalira zonse ndidzakupatsani ndi manja awiri."

"Shuwa? Ndikauze mizimu kuti iyembekeze basi ya ku Lusaka?"

Luciano anali kusoka ukonde pambali. Analankhula osakweza mutu.

"Amai, ife tipemphera. Mvuu sidziwa nsalu. Idziwa chabe munthu wopusa amene aipalasira pamsana."

"Nanenso ndipemphera, mwana wanga, ndipo benchi yanga ili kutsogolo kwa yako." Amai Sara anadzuka, nakung'untha chitenge chawo. "Mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere m'manja."

Anabwerera ku Kavalamanja tsiku lomwelo, osalawa kanthu m'nyumba ya mwana wawo.

Emelina anasoka. Kwiliti ili ndi magawo atatu: la pamwamba la zigamba, thonje la m'kati, ndi nsalu ya pansi. Mashini a kalabu analumikiza zigamba bwinobwino, koma atapatsidwa magawo atatu pamodzi anathyola singano ziwiri tsiku limodzi. Ndiye ntchito yomanga magawowo anaichita ndi manja, timizere tokhotakhota ngati mafunde, kasokedwe kakang'ono ngati njere za mpunga. Chala cha pakati chinabooka. Anachikulunga pulasitala kuti magazi asadonthere pa nsalu. Amene anakhalako ku Feira, dzina lakale la Luangwa, mwezi umenewu adziwa kutentha kwake: malata alira okha pa denga, agalu alephera ndi kuuwa komwe. Emelina anali kukhala ndi bulangeti pa maondo kuyambira m'mawa, thukuta likutsika m'khosi, kansalu kopukutira manja kali pambali.

Pakhonde la kumsika ntchito inayamba kuchepa. Asodzi analeka kubweretsa mabuluku. Mkazi wa aphunzitsi ena anabwera kudzatenga chitenge chake chisanasokedwe, ati wasintha maganizo. Barbara anali kudutsa ndi dishi lake, kupereka moni ali patali.

Luciano anali kupita pa madzi yekha. Nsomba zinali zochepa, chifukwa munthu mmodzi sangaponye ukonde wonse.

"Nsomba za munthu mmodzi ndi zokoma," anali kutero potula timicheni tiwiri kapena titatu. "Palibe wogawana naye."

Koma anali kubwera maso ali ofiira, khosi lili louma ndi kucheukacheuka.

"Kwatsala masiku angati?" anafunsa tsiku lina.

"Asanu ndi limodzi."

"Fulumira pang'ono, amake Memory."

Ndi tsiku lokhalo limene sanaseke.

Lachinayi m'mawa Emelina anamaliza kupinda mphepete yomaliza. Anadula ulusi ndi mano, naliyala bulangeti pa chingwe kuti alione lonse. Mbalame zofiira zinali kukwera pamwamba pa mitsinje iwiri ngati zamoyo. Akali chiimire choncho, Barbara analowa pabwalo akuthamanga, wopanda dishi, wopanda patapata.

"Emelina! Ku doko!"

Pa doko anthu anali ataunjikana. Atamuona anapatuka, nasiya njira yaikulu yoti nkudutsamo ngolo ya ng'ombe. Luciano anali atagonekedwa pa mchenga, mwendo wa kumanja utamangidwa ndi chingwe cha ukonde pamwamba pa bondo. Pansi pa bondo panalibe chooneka ngati mwendo. Maso anali otsegula, koma sanali kuona munthu.

Amene anamuvuula anali Tenson. Anali ataima pambali, shati yonse magazi.

"Anali kukoka ukonde, msana ali kumadzi," anatero Tenson. "Mvuuyo inali ndi mwana. Inaonetsa makutu kawiri, mlamu. Kawiri! Ife tinakuwa, mphepo inatenga mawu. Ndikanakhala kumbuyo kwake ndikanaiona."

Anapukuta nkhope ndi dzanja, nadzipaka magazi pamphumi.

"Koma ndinanena. Mlamu, ine ndinanena."

Anthu anatengera Luciano ku kiliniki, kuchoka uko galimoto inamuthamangitsira ku chipatala cha mishoni. Madokotala anapulumutsa moyo wake. Mwendo anaudula pamwamba pa bondo.

Masiku awiri oyamba Luciano sanadziwe munthu. Emelina anagona pakhonde la chipatala pamodzi ndi azimai ena odwazika matenda. Amai Sara ndi abale a ku Kavalamanja anali ndi moto wawo pansi pa mtengo, mbali ina ya mpanda, ndipo sanamuitane. Loweruka Emelina anakwera galimoto kubwerera ku Boma, natenga bulangeti, naliika m'chikwama pamodzi ndi lezala latsopano. Lamlungu anabwereranso ku chipatala. Anali atatsimikiza mtima kuti aliphwasula pamaso pa apongozi ake, kasokedwe kalikonse.

Amai Sara anamuona akulowa pa geti.

"Mwakhuta, amake Memory? Kapena muyembekezera ndi mwendo winawo? Watsala umodzi."

"Ndabwera nalo, amai. Ndiwaone kaye atate a Memory."

Luciano anali maso. Anali atatuwa ngati phulusa, masaya atalowa. Pansi pa nsalu ya chipatala, pamene panayenera kukhala mwendo, panali pafulati. Emelina anagwada pambali pa bedi, chikwama chili pa chifuwa.

"Ndabwera nalo," anatero. "Ndiliphwasula lero. Amai akatule ku mlambe."

Luciano anayang'ana denga.

"Basi inyamuka liti?"

"Mawa m'mawa. Ndilo tsiku lomaliza."

"Likweze."

"Atate a Memory..."

"Ukaliphwasula mwendo umera? Madzi akatayika saoleka." Analoza pamene panali mwendo. "Eni nsalu anafuna nsembe. Atenga yawo, ndipo ndi yonona. Manje ufuna nditaye mwendo, titayenso mashini? Ine pa madzi ndatha. Memory adzamaliza sukulu ndi chiyani?"

Emelina anakweza mutu.

"Munati mvuu sidziwa nsalu."

"Ndinatero."

"Ndi Tenson amene anakusiyani nokha. Akanakhala kumbuyo..."

"Tenson anandisiya chifukwa cha chiyani?"

Pa bedi la pafupi nkhalamba ina inali kutsokomola, mkazi wake akuikupiza ndi katoni.

"Zaka makumi atatu ndipalasa madzi aja," anatero Luciano, mawu ali pansi. "Ndadutsa pakati pa mvuu khumi. Sinandikhudzepo ndi imodzi yomwe." Anatembenuzira nkhope ku khoma. "Sindikutukwana, amake Memory. Ndinavomera ndine. Koma ndikatseka maso ndiona tofiira tija. Ndikatuluka muno ndipita ku Kavalamanja, kwa amai. Akandisamala ndiwo."

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi zosoka."

Emelina anakhalabe chigwadire mpaka nesi anabwera ndi mankhwala. Luciano sanacheukenso.

Panja amai Sara anali atayala kale chitenge pansi kuti alandirirepo zidutswa. Abale anali atazungulira. Emelina anagwada patsogolo pawo, koma chikwama sanachitule.

"Mwana wanu wati lipite."

"Mwana wanga ali ndi mankhwala m'mutu."

"Ndawafunsa kawiri, amai. Ati mizimu yatenga kale yake."

Mmodzi wa amalume anayamba kukalipa, koma amai Sara anamuletsa ndi dzanja. Anamuyang'ana mpongozi wawo m'maso, chinthu chimene sanachitepo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ukwati wa mwana wawo. Kenaka anapinda chitenge chija pang'onopang'ono.

"Ndiye lipite," anatero. "Chakudya cha wodwala tidzaphika ndife. Musavutike."

Lolemba m'mawa basi ya ku Lusaka inali kulira pa siteshoni ya pa Boma, pamwamba atasanjikiza mitolo ya nsomba zouma. Emelina anali atakulunga bulangeti m'mapulasitiki awiri, nalemba adiresi ya bungwe lija ndi nambala ya foni ya mai wolandira katundu. Kondakitala analanda phukusi kuti aliponye pamwamba.

"Osati ku nsomba, achimwene, chonde. Likanunkha salilandira."

"Muli chiyani umu, amai, golide?"

"Bulangeti."

"Bulangeti? Kutentha kuno?" Kondakitala anaseka, nayang'ana apaulendo kuti aseke naye. Palibe anaseka. Mai wina wogulitsa nsomba amene anakhala pafupi ndi khomo ananong'oneza mnzake, onse awiri nasamukira ku mipando ya kumbuyo.

"Chotsani chinthu icho m'basi," anatero bambo wina. "Msewu uja uli ndi mapiri."

Dalaivala anali munthu wa ku Kabwe, wosadziwa za kuno. Anatenga phukusi, nalikankhira pansi pa mpando wake.

"Amene aopa bulangeti atsike, ayende pansi," anatero. "Tiye!"

Palibe anatsika. Basi inanyamuka, fumbi linatsala. Zotsatira za mpikisano anati zidzatuluka mu Disembala.

Emelina anapita pakhonde lake. Pa tebulo panalibe nsalu ya munthu. Anamasula mashini, nachotsa tiulusi tonse m'kati, nathira mafuta, napukuta mpaka chitsulo chinawala. Kunali kutatsala sabata yathunthu ya chaka chake.

Azimai a kalabu sanayembekeze sabatayo. Anabwera Lachitatu, atatu, ndi wilibala. Anapereka moni mwaulemu, nafunsa za odwala. Apampando anafotokoza kuti mai amene anali kulandira mashini apempha kuti mashiniwo ayambe agona ku tchalitchi masiku angapo, abusa awapempherere.

"Si kuti tikuganizirani zoipa, amake Memory. Ndi mtima wa munthu chabe."

"Ndamva, amai. Lamba wake ndi wotha, muwauze asamaponde mwamphamvu."

Anawathandiza kukweza mashini pa wilibala, nawamangirira ndi chingwe kuti asagwe pa miyala. Atapita, pakhonde panatsala tebulo, mpando, choko ndi sizasi. Pa simenti panaoneka timabala tinayi pamene panali miyendo ya mashini.

Chakumasana Barbara anadutsa ndi dishi lake. Anafika pafupi, natula pende mmodzi pa tebulo, napitirira. Emelina anaiyang'ana nsombayo, naiphimba ndi pepala kuopa ntchentche. Anakhalabe pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, poti kunyumba kunalibe womuphikira.